Muyeze Nokha: Kupeza Voliyumu ya Thanki, Nkhokwe, Mulu wa Mchenga ndi Ndowa

Lole ikatsitsa mchenga pa puloti, woyendetsa amatchula mtengo, mwini nyumba amayang'ana muluwo n'kutulutsa ndalama. Palibe amene wayeza. N'chimodzimodzi mlimi wa ku Bembeke amene akumangitsa thanki yothirira kachewere m'chilimwe, kapena mayi wa ku Tsangano amene akufuna kudziwa ngati chimanga chili m'nkhokwe chimufikitse mwezi wa Febuluwale. Onsewa funso lawo ndi limodzi: m'kati mwa chinthuchi mukulowa zochuluka bwanji? Yankho la funso limeneli ndi lomwe kusukulu amalitcha voliyumu. Ambiri tinaloweza malamulo ake pokonzekera mayeso a MANEB, mayeso atatha n'kuwasiya m'kalasi momwemo, chonsecho ndi masamu omwe amateteza ndalama za pakhomo.

Zofunika ndi zochepa: tepi yoyezera, chingwe chosatamuka, ndodo yowongoka, pensulo ndi pepala, komanso kalikuleta ya pafoni.

Yambani ndi miyeso

Musanayeze chilichonse, sankhani muyeso umodzi ndipo musausinthe mpaka mutamaliza. Zinthu zazikulu monga thanki, dzenje ndi nkhokwe muyeze m'mamita. Zazing'ono monga ndowa, mgolo ndi mtsuko muyeze m'masentimita. Mukayeza m'mamita yankho limatuluka m'makiyubiki mita, mukayeza m'masentimita limatuluka m'makiyubiki sentimita.

Manambala awiri awa muwasunge pamtima, chifukwa ndi omwe amasandutsa yankho kukhala chinthu chomveka. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Makiyubiki sentimita 1,000 ndi lita imodzi. Ndiye ngati yankho lanu lili m'makiyubiki mita, chulukitsani ndi 1,000 kuti mupeze malita. Ngati lili m'makiyubiki sentimita, gawani ndi 1,000.

China ndi ichi: ngati mukufuna kudziwa zomwe zingalowe m'chinthu, yezani m'kati, osati kunja. Khoma la njerwa la thanki silisunga madzi.

Zooneka ngati bokosi

Apa ndi pomwe pali tsinde la nkhani yonse, choncho tisathamange. Chinthu cha makona anayi chomwe makoma ake ndi oimirira chilili, voliyumu yake timaipeza motere: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, zomwe zatulukazo kuchulukitsa ndi msinkhu kapena kuya.

Tiyerekeze thanki ya njerwa ya kudimba. Mwalowa m'kati ndi tepi ndipo mwapeza mulitali mamita 2, mulifupi mamita 1.5, kuya mamita 1.2. Choyamba, 2 × 1.5 = 3. Nambala imeneyi ndi kukula kwa pansi pa thankiyo, komwe m'mabuku amati eliya. Chachiwiri, 3 × 1.2 = 3.6. Thankiyo ndi ya makiyubiki mita 3.6, omwe ndi malita 3,600, kapena tinene ndowa 180 za malita 20.

Taonani zomwe tachita. Tapeza kukula kwa pansi, kenako tachulukitsa ndi msinkhu. Mukamvetsa zimenezi ndiye kuti mwamvetsa theka la malamulo onse a voliyumu, chifukwa chinthu chilichonse chomwe pansi ndi pamwamba pake m'pofanana, ndipo makoma ake ndi oimirira, chimayendera lamulo lomweli. Chomwe chimasintha ndi kapezedwe ka kukula kwa pansiko basi.

Pomwe anthu amagwera kawirikawiri ndi pa konkire ya pansi pa nyumba. Chipinda chili mamita 4 ndi mamita 3, ndipo mukufuna konkire yokhuthala masentimita 10. Munthu wopupuluma amalemba 4 × 3 × 10 n'kupeza 120, nambala yomwe ingafune malole ambirimbiri. Wasakaniza mamita ndi masentimita. Masentimita 10 ndi mamita 0.1, choncho 4 × 3 × 0.1 = 1.2. Konkire yofunika ndi makiyubiki mita 1.2. Pogula zipangizo muonjezereko pang'ono, poti pansi sipakhala posalala ndendende ndipo ina imatayika posakaniza.

Lole ya mchenga nayonso ndi bokosi. Isanakhuthule, pemphani kuti asalaze mchengawo ndi fosholo, muyeze mulitali ndi mulifupi mwa bodi, kenako muzike ndodo mumchengamo kuti muone kuya kwake. Bodi ya mamita 4 ndi mamita 2 yokhala ndi mchenga wozama mamita 0.6 yanyamula makiyubiki mita 4.8. Mchenga ukangotsika kufika mamita 0.5, atsala makiyubiki mita 4. Kusiyana kwa masentimita 10 kokha, komwe diso siliona muli pansi, kwakuchotserani malita 800 a mchenga. Kuyeza sikunyoza wogulitsa ayi, ndipo wogulitsa wachilungamo sadandaula nako.

Kiyubu ndi bokosi lomwe mbali zake zonse n'zofanana, ndiye mumangochulukitsa mbali imodziyo katatu. Kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse: 10 × 10 × 10 = 1,000, yomwe ndi lita imodzi ndendende. Tsono chodabwitsa chili apa. Mukawirikiza kawiri mbali zonse, kuti zikhale masentimita 20, voliyumu siiwirikiza kawiri koma kasanu n'katatu: 20 × 20 × 20 = 8,000, malita 8. Mmisiri akanena kuti tikulitseko dzenje pang'ono mbali zonse, dziwani kuti dothi lotuluka lichuluka kuposa momwe mukuganizira.

Ngalande zothirira zimayendera lamulo lomwe lija, kungoti mumayamba mwayang'ana kukamwa kwa ngalandeyo. Ngati pamwamba ndi potambalala mamita 0.6, pansi mamita 0.3, kuya mamita 0.4, phatikizani 0.6 ndi 0.3 n'kugawa pawiri, mupeza 0.45. Chulukitsani ndi kuya: 0.45 × 0.4 = 0.18. Ngalande ya mamita 50 ndiye kuti mukumba 0.18 × 50, makiyubiki mita 9 a dothi. Ndi nambala yothandiza popangana mtengo ndi aganyu.

Zozungulira: mgolo, chitsime, nkhokwe

Izi kusukulu amazitcha silinda. Lamulo silinasinthe: kukula kwa pansi kuchulukitsa ndi msinkhu. Koma poti pansi pake m'pozungulira, pakufunika nambala ija yotchedwa pai, yomwe pa ntchito za tsiku ndi tsiku timaitenga ngati 3.14 kapena 22/7.

Chitani motere. Yezani kuchokera m'mphepete imodzi kukafika m'mphepete inayo, tepi ikudutsa pakati penipeni. Imeneyo ndi dayamita. Igaweni pawiri kuti mupeze rediyasi. Chulukitsani rediyasiyo ndi iyo yomwe, kenako ndi 3.14. Mwapeza kukula kwa pansi. Pomaliza chulukitsani ndi msinkhu.

Tengani mgolo wachitsulo umene timatungira madzi pomanga. Tinene kuti m'kati mwake mwapeza dayamita ya masentimita 56 ndi msinkhu wa masentimita 85. Rediyasi ndi 28. Kenako 28 × 28 = 784, ndipo 784 × 3.14 ikupereka pafupifupi 2,462. Chulukitsani ndi 85, mupeza pafupifupi 209,000. Kugawa ndi 1,000, ndi malita 209, zomwe zikugwirizana ndi dzina lomwe timaudziwa nalo la mgolo wa malita 200.

Samalani malo awiri. Oyamba ndi kuiwala kugawa dayamita pawiri. Mukalowetsa 56 m'malo mwa 28, yankho limakula kanayi, ndipo mgolo uja umatuluka wa malita opitirira 800. Achiwiri ndi kuganiza kuti kuchulukitsa rediyasi ndi iyo yomwe n'chimodzimodzi ndi kuichulukitsa ndi 2. Ayi, 28 × 28 ndi 784, pomwe 28 × 2 ndi 56. Ana ambiri amaluza malikisi pamenepa ngakhale lamulo akulidziwa bwino lomwe. Chizolowezi chabwino ndi kuliyang'ana yankho n'kudzifunsa ngati likugwirizana ndi chinthu chomwe chili patsogolo panu.

Pa chitsime simufunika kulowamo. Mangani mwala kuchingwe chouma, mutsitse mpaka mwalawo ugunde pansi, mutulutse n'kuyeza gawo lomwe lanyowa. Chitsime cha dayamita ya mamita 1.2 chokhala ndi madzi ozama mamita 2.5: rediyasi ndi 0.6, ndiye 0.6 × 0.6 × 3.14 = 1.13, ndipo 1.13 × 2.5 = 2.83. Muli malita pafupifupi 2,830. Mukayeza m'mawa musanatunge, n'kuyezanso madzulo mutathirira, kenako m'mawa mwake, mudziwa madzi omwe chitsimecho chimabweza usiku umodzi. Nambala imeneyo ndi yomwe iyenera kukuuzani kukula kwa dimba lomwe mungalime mwezi wa Okutobala, osati madzi omwe mukuwaona mu Meyi.

Madzi amalemera, ndipo izi zisaiwalike. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya pulasitiki ya malita 2,000 ikadzaza yanyamula matani awiri. Amene akuika thanki yotere pamwamba pa mitengo kapena pa nsanja ya njerwa zosaumba bwino akuika moyo wa ana osewera pansipo pachiswe.

Nkhokwe ndi yomwe ndikufuna tikhalepo kanthawi, poti pamakhala chiyembekezo cha banja chaka chonse. Ikakhala yodzaza simungadutsitse tepi pakati, choncho zunguzani chingwe kunja kwake, muyeze chingwecho, n'kugawa ndi 6.28. Zomwe zatuluka ndi rediyasi. Nkhokwe yomwe chingwe chazungulira mamita 5 ili ndi rediyasi ya mamita pafupifupi 0.8. Ngati ndi yomata ndi dothi, chotsaniko kukhuthala kwa khomalo. Ya nsungwi zokha kusiyana kwake n'kochepa. Tsopano 0.8 × 0.8 × 3.14 = 2.01. Yezani pomwe chimanga chalekeza, osati pomwe nkhokwe yalekeza. Ngati chafika mamita 1.5, voliyumu ndi makiyubiki mita 3.

Apa musafulumire kusangalala. M'nkhokwe muli zitsononkho ndi mipata ya mpweya. Chimanga chosenda koma chosatonola chimatsala pafupifupi theka la voliyumu yake chikatonoledwa, ndipo chokhala ndi makoko chimatsala chochepera apo. Tinene kuti mwa makiyubiki mita 3 aja mwatsala 1.5. Chimanga chouma chotonola chimalemera makilogalamu pafupifupi 720 pa kiyubiki mita iliyonse, choncho 1.5 × 720 = 1,080, omwe ndi matumba 21 a makilogalamu 50 ndi kena kotsala. Uku n'kuyerekeza chabe, chifukwa mtundu wa mbewu, kauma kake ndi anankafumbwe zimasintha zinthu. Njira yabwino koposa ndi kudziyesera nokha: dzazani ndowa imodzi ndi chimanga cha m'nkhokwemo, mutonole, muone chomwe chatsala m'ndowamo, ndipo gawo limenelo ndi lomwe mugwiritse ntchito m'malo mwa theka. Ndikadakonda kuti banja lililonse lizichita zimenezi lisanayambe kugulitsa kwa mavenda, pomwe mtengo uli pansi ndipo nkhokwe ikuoneka ngati siidzatha.

Zosongoka pamwamba

Mulu wa mchenga, wa kwale kapena wa manyowa wothiridwa malo amodzi umasongoka ngati denga la nkhokwe. Maonekedwe amenewa ndi koni. Lamulo lake ndi la silinda lomwe lija, kungoonjezera sitepe imodzi: mukamaliza, gawani patatu. Koni imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a silinda yofanana nayo pansi ndi msinkhu.

Zunguzani chingwe m'munsi mwa mulu. Tinene kuti chakwana mamita 9.4. Kugawa ndi 6.28, rediyasi ndi mamita 1.5. Msinkhu ndi womwe umavuta, chifukwa wofunika ndi woimirira chilili kuchokera pansi kufika pansonga, osati wotsetsereka m'mbali mwa mulu. Imikani ndodo pambali pa muluwo, mnzanu agwire chingwe pansonga, inu muchikokere kundodoko chili chopingasa bwino, n'kuyeza pomwe chakhudza ndodo. Tinene kuti ndi mita imodzi. Tsopano 1.5 × 1.5 × 3.14 = 7.07. Kuchulukitsa ndi msinkhu wa 1 ikhalabe 7.07. Kugawa patatu ndi 2.36. Muluwo ndi makiyubiki mita 2.36, malita 2,360. Ngati wilibala yanu imalowa ndowa zitatu za malita 20, ndiye kuti ndi mawilibala 39. Mawilibala amasiyana kukula, choncho yanuyo muiyeze kaye ndi ndowa.

Milu yambiri siikhala yozungulira bwinobwino, makamaka yomwe yakhuthulidwa ndi lole ikuyenda. Ikakhala yaitali, iduleni m'maganizo kukhala zigawo, muwerengere chigawo chilichonse pachokha, n'kuphatikiza. N'chifukwa chake ndinati ndi bwino kuyezera mchenga mulole momwemo.

Piramidi ndi m'bale wake wa koni, kungoti pansi pake ndi pa makona. Mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kenako msinkhu, n'kugawa patatu. Ophunzira angayesere pa piramidi yaikulu ya ku Giza m'dziko la Egypt, yomwe mbali iliyonse ya pansi ndi mamita pafupifupi 230 ndipo msinkhu wake woyamba unali pafupifupi mamita 146. Mupeza makiyubiki mita oyandikira 2.6 miliyoni.

Amene akukayikira za kugawa patatu ayese yekha. Pindani katoni kupanga koni yomwe kukamwa kwake ndi msinkhu wake n'zofanana ndi chitini, muidzaze mchenga wouma, mukhuthulire m'chitinimo. Chidzaza ulendo wachitatu. Mphunzitsi amene wachititsa ana zimenezi panja pa kalasi sadzavutikanso kuwakumbutsa lamuloli.

Ndowa ya pamsika

Ndowa ndi beseni sizili silinda, chifukwa kukamwa n'kwakukulu kuposa pansi. Komatu ndi zomwe timagulira ndi kugulitsira nyemba, chimanga ndi kachewere pa Lizulu, pa Chimbiya ndi m'misika ina ya mumsewu wa M1, ndiye ndi bwino kudziwa kaziyezedwe kake.

Njira yachidule ndi iyi. Yezani rediyasi ya kukamwa ndi ya pansi, muziphatikize, mugawe pawiri, n'kuiona ndowayo ngati silinda ya rediyasi imeneyo. Ndowa ya dayamita ya masentimita 32 kukamwa, 24 pansi, msinkhu woimirira masentimita 30: marediyasi ndi 16 ndi 12, pakati pake ndi 14. Tsono 14 × 14 × 3.14 × 30 ikupereka pafupifupi 18,460, malita 18.5.

Njira ya ndendende, yomwe imafunika pa mayeso, imatalikirapo pang'ono. Chulukitsani rediyasi yaikulu ndi iyo yomwe: 16 × 16 = 256. Chulukitsani yaikulu ndi yaing'ono: 16 × 12 = 192. Chulukitsani yaing'ono ndi iyo yomwe: 12 × 12 = 144. Phatikizani zitatuzi, 592. Chulukitsani ndi 3.14, kenako ndi msinkhu wa 30, n'kugawa patatu. Yankho ndi pafupifupi 18,590, malita 18.6. Njira ziwirizi zasiyana pang'ono kwambiri, choncho pa ndowa yachidule ija ndi yokwanira. Pa beseni lomwe kukamwa n'kotambalala kwambiri kuposa pansi, yachidule imachepetsa, ndiye gwiritsani ntchito yachiwiriyi.

Ndowa yomwe tayezayi aliyense angaitche ya malita 20, koma yaperewera ndi lita yopitirira imodzi. Pa ndowa imodzi si kanthu. Pa ndowa 50 ndi malita 70, omwe ndi pafupifupi thumba lathunthu la chimanga. Ndowa yophwanyidwa pansi kuti pakwere m'kati, kapena yotambasulidwa m'mbali ndi moto, imasinthanso nambala, ndipo kumene yasinthira kumadalira ngati mwini wake ndi wogula kapena wogulitsa. Dziwaninso kuti malita 20 a chimanga chotonola, osalazidwa kukamwa, amalemera makilogalamu 14 kapena 15. Mulu wa pamwamba uja ndi womwe umaonjezera, ndipo mulu umenewo ndi koni yomwe tsopano mukutha kuiwerengera.

Zobulungira

Mpira, mtsuko, kabichi. Apa palibe pansi ndi msinkhu, pali rediyasi yokha. Chulukitsani rediyasi × rediyasi × rediyasi, kenako ndi 3.14, kenako ndi 4, n'kugawa patatu.

Rediyasi mumaipeza ndi chingwe monga tinachitira pa nkhokwe, kuzunguza pamimba pomwe pali potakata kwambiri n'kugawa ndi 6.28. Mpira wa miyendo wa akuluakulu umazungulira masentimita 68 mpaka 70, choncho rediyasi yake ndi pafupifupi 11. Ndiye 11 × 11 × 11 = 1,331, kuchulukitsa ndi 3.14 ndi 4,179, kuchulukitsa ndi 4 n'kugawa patatu ndi pafupifupi 5,570, malita 5.6.

Mtsuko wa dothi womwe chingwe chazungulira masentimita 126 uli ndi rediyasi ya 20 kunja. Chotsani sentimita imodzi ya kukhuthala kwa dongo, itsala 19. Kutsata masitepe omwe aja, mupeza malita pafupifupi 29. Mtsuko suli wobulungira ndendende, uli ndi khosi ndiponso pokhalira, ndiye yankho likhala loyandikira chabe. Mbale kapena mphika wooneka ngati theka la mpira, werengerani mpira wathunthu n'kugawa pawiri.

Lamulo limeneli analitsimikiza ndi Archimedes, katswiri wa masamu wa ku Syracuse yemwe anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe. Iye anaonetsa kuti chobulungira chimatenga magawo awiri mwa atatu a silinda yomwe chakwanamo ndendende. Mukaiwala lamulo lalitali lija, kumbukirani zimenezi: werengerani silinda yomwe msinkhu wake ndi wofanana ndi dayamita yake, n'kutengapo magawo awiri mwa atatu.

Chifukwa rediyasi imachulukitsidwa katatu, kusiyana kochepa m'maso kumakhala kwakukulu m'kati. Kabichi wa dayamita ya masentimita 20 aposa wa masentimita 15 kawiri ndi kuposerapo, ngati onse ali olimba mofanana. Wogula amene akusankha awiri aang'ono m'malo mwa mmodzi wamkulu pa mtengo womwewo watenga zochepa.

Zopanda maonekedwe odziwika

Mwala, kachewere kapena chitsulo chopindika sizigwirizana ndi lamulo lililonse mwa awa, koma madzi amaziyeza mosavuta. Thirani madzi m'chitini chowongoka, mulembe pomwe alekeza. Mizani chinthucho chonse, mulembenso. Kukwera kwa madziwo kuchulukitsa ndi kukula kwa pansi pa chitini ndiye voliyumu yake. M'chitini cha rediyasi ya masentimita 5, pansi pake ndi 5 × 5 × 3.14 = 78.5. Madzi akakwera masentimita 3, chinthucho ndi makiyubiki sentimita pafupifupi 236.

Zinthu zophatikiza maonekedwe angapo ziduleni m'zigawo. Nyumba yozungulira ya denga la udzu ndi silinda pansi ndi koni pamwamba. Thanki yokhala ngati chilembo cha L ndi mabokosi awiri. Werengerani chilichonse pachokha n'kuphatikiza.

Ngakhale mvula ya padenga la malata imawerengereka motero. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi lita imodzi. Yezani malo omwe dengalo laphimba pansi, osati kutsetsereka kwa malata. Nyumba yomwe denga lake laphimba mamita 8 ndi mamita 5 ili ndi malo otere a mita imodzi okwana 8 × 5 = 40, ndipo mvula ya mamilimita 20 igwetsa 40 × 20, malita 800, omwe ndi migolo inayi. Ena amatayika m'mipaipi ndi m'mphepete mwa denga, ndipo oyambirira otsuka fumbi ndi zitosi za mbalame muyenera kuwataya. Thanki ya malita 3,600 tinawerengera ija ingadzaze ndi mvula zisanu zoterezi.